Dimba la pa Kachule

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene chitsime cha m'dimba la agogo chinatulutsa matope okhaokha. Unali mwezi wa Okutobala, tomato ali ndi maluwa. Nditakoka keni, agogo anasuzumiramo, kenako anayang'ana ine.

"Kumbanso," anatero.

Ndinakumba mpaka dzuwa kupendeka. Madzi amene anabwera sanakwane ngakhale theka la mabedi. Ndikukwera chitunda kubwerera kumudzi, ndinadziuza kuti moyo wanga sungathere m'dzenje, kuthamangitsa madzi othawa, m'dimba limene silidzakhala langa.

Zoti silidzakhala langa sindinazipeke ndekha. Mayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Bambo sindinawaonepo, anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Nachisaka, ndipo anabwerera kwawo ine ndili m'mimba. Anandilera ndi agogo, aNambewe, m'mudzi wathu wa kuseri kwa Chezi. Dimba lija linali la mayi anga. Lili kumutu kwa dambo la Kachule, pamene kamtsinje kamayambira, ndipo tomato ndi mpiru wa m'menemo ndiye anandigulira yunifolomu, makope ndi sopo. Koma kwathu malo amayenda ndi ana aakazi, ndipo ine ndinabadwa ndekha, wamwamuna. Amalume, a Damiyano, amene ndi mwinimbumba wathu, ankanena poyera kuti, "Sitefano ndi mwamuna, akakwatira adzakalima kwa akazi ake. Amayi akatopa, dimba ili lipita kwa ana a Mariya." A Mariya ndi amayi anga aang'ono. Amalume sankanena mwankhanza. Ankanena ngati mmene munthu amanenera kuti mawa ndi Lamlungu. Ine ndinali mwana wosalankhula, wokhala kumapeto kwa mphasa n'kumaona nkhope za anthu, ndipo mau amenewo ndinawasunga.

Agogo anagulitsa nkhumba yawo kuti ndipeze ya pasipoti ndi ya basi. Sanandiletse, sanandilimbikitsenso. Atandiperekeza pamsewu anangoti, "Ukafika uzidya. Dimba ndilima ndine."

Miyezi yoyamba ku Joni ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anzanga ambiri, m'mawa n'kumakaima pamphambano kudikira wofuna waganyu. Tsiku lina kukumba, tsiku lina kusenza njerwa, masiku ambiri kungoima. Anzanga odziwa kukuwa ndi kuthamangira galimoto ndiwo ankatengedwa. Ine ndinkatsala ndi dzanja lili m'mwamba. Kenako Baisoni, mnyamata wa ku Mangochi amene ndinadziwana naye pamphambano pomwepo, ananditengera ku mapiri a ku Mpumalanga, kumene m'bale wake anamupezera ntchito pa famu ina. Kunali kozizira kuposa Ntchisi mu Juni. M'mawa udzu unkayera ndi chisanu, zala n'kumakana kugwira chikwanje.

Pa famupo sankalima. Ankaweta nkhosa zochepa, koma chuma chenicheni chinali mtsinje, chifukwa munali nsomba zotchedwa trauti, zimene sizikhala m'madzi ofunda kapena amatope. Anthu ankachokera m'tauni ndi magalimoto kudzalipira kuti awedze. Tsiku loyamba ndinaona mzungu wina atalimbana ndi nsomba yaitali ngati mkono, n'kuigwira, n'kuijambula, kenako n'kuibwezera m'madzi.

"Yamupulumuka?" ndinafunsa.

"Waisiya dala," anatero Baisoni. "Kuno ndiwo amangozipatsa moni n'kuziperekeza. Uzolowera."

Ntchito yathu inali yokonza mtsinjewo. Mitengo yachilendo, makamaka bulugamu ndi ina yotchedwa watulo, inali itadzaza m'mbali mwake n'kumamwa madzi, ndipo magombe anali kugumuka. Tinkadula mitengoyo, kuzula zitsa, kudzaza miyala m'madengu a waya ndi kuwayala pamene madzi ankadya dothi. Loweruka kunkabwera anthu ongodzipereka: owedza aja, ana asukulu, eni mafamu oyandikana nawo, aliyense ndi magolovesi ake. Iwo ankagwira tsiku limodzi n'kupita akuseka, ife n'kutsala ndi sabata yonse. Komabe sindinganame, ntchitoyo ndinaikonda. Ndinaona ndi maso anga malo ouma amene tinachotsapo mitengo akuyamba kunyowa chaka chotsatira, kenako kutuluka kasupe. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinkanyadira, koma mtima unkawawa, poti ndinali kudzutsa mtsinje wa nsomba zosadyedwa pamene Kachule anali kuuma.

Baisoni atabwerera kwawo ndinatsala Mmalawi ndekha. Panali masabata amene Chichewa ndinkachilankhula ndi nkhosa zokha. Ndalama ndinkatumiza pa foni ya amayi a Rozina, oyandikana nafe, amene amatsogolera mphakati wathu wa ku tchalitchi, poti agogo foni alibe. Zinagula malata, feteleza ndi bulangete. Miyezi imene ntchito inkachepa, kapena ndikadwala, ndinkazimitsa foni ndi manyazi, ngati kuti munthu wopanda chotumiza alibenso moni. Ndikayatsa ndinkapeza mau a agogo ojambulidwa, aafupi, okuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo: "Sitefano, ndine agogo ako. Ndabzala kabichi. Basi." Ndinkawayankha kuti apume, apeze waganyu, kapena angolisiya dimbalo poti ndalama ndikutumiza. Uthenga wotsatira unkangoti: "Ndapalira."

Patapita zaka zingapo kunabwera uthenga wautali wa amayi a Rozina eniake. Anati chigwembe chang'amba dambo kuchokera kumunsi, chikukwera chaka ndi chaka, ndipo chafika pafupi ndi dimba la agogo. Anati anthu agwirizana kukonza dambolo: a mphakati, a mipingo ina, matenanti a pa esiteti ya kumunsi amene amatunga madzi omwewo, mlangizi wa zaulimi, ndi bungwe lina la ku Lilongwe limene lapereka waya ndi mbande. Pangano linali lakuti aliyense asiye kulima mzere wa m'mphepete mwa mtsinje.

"Koma agogo ako akana," anatero. "Ndiye poti iwo ali kumutu, ena onse akuti akasiya aNambewe nafenso tisiya. Mvula ikagwa tisanatseke kumutuko, zonse tamangazi zikokoloka, dimba lawonso lipita. Anthu ayamba kuwanena. Ife atikanika. Mwina iwe akumvera."

Ndinamvetsera uthengawo kangapo, nditakhala pa mulu wa miyala. Sabata yomweyo ndinatsanzika kwa bwana wa pa famupo.

Ndinatsika pa Chezi mu Seputembala, fumbi lili koboo. Agogo anandilandira ngati ndachokera kumsika. Anandigwira dzanja, anayang'ana zikhatho zanga, n'kunena kuti, "Koma unkagwiradi ntchito." Za dambo sitinakambe tsikulo.

M'mawa wake ndinatsikirako. Chigwembe chinali chakuya kuposa msinkhu wanga, chofiira ngati bala. Koma kumunsi kwake ndinaona chimene sindinkayembekeza: madengu a waya odzaza miyala, oyalidwa mopingasa, ndipo kuseri kwa ena dothi linali litadikha kale n'kumera udzu. Anthu anali pamzere kupatsirana miyala kuchokera pa ngolo. Panali amayi ovala nsalu za mphakati, anyamata a ku esiteti ovala tizipewa ta Chisilamu, ndi madoda okhala pansi kudula waya. Panalibe magolovesi, panalibenso wolipidwa. Ankakumana Lachiwiri ndi Loweruka, aliyense atadya kwawo. Ndinagwira dengu limodzi n'kuligwedeza monga tinkachitira ku famu kuja, ndipo silinasunthe. Mtima wanga unadzaza. Awa anali anthu amene ndinkawafotokoza kwa Baisoni kuti sagwirizana ngakhale pogula mpira wa timu.

"Wa ku Joni wabwera kudzayendera ntchito," anatero bambo wina, anthu n'kuseka. "Bwana, takhoza?"

"Mwakhoza," ndinatero. "Ndipatseni mwala."

Ntchito yonseyo inkathera pa dimba la agogo. Iwo anali atalima mpaka pamlomo pa mtsinje, bedi lomaliza lili lendelende pagombe. Zikhomo zimene mlangizi anakhoma posonyeza mzere wosiyidwa anali atazizula n'kumangirirapo tomato. Ndinawapeza atawerama, ochepa thupi kuposa mmene ndinawasiyira, khasu likuwalemera moonekeratu.

Ndinawalanda khasulo, ndinapalira bedi limodzi, kenako ndinayamba kufotokoza zimene ndinaona ku Joni: kuti gombe lolimidwa limagumuka, kuti udzu umagwira dothi, kuti madzi amabwerera. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Zimenezo mlangizi ananena kale. Sindine wogontha."

"Nanga mukukaniranji, agogo?"

"Kwa mzungu wakoyo, akasiya gombe kuti limere thengo, limakhala la yani?"

"Lake lomwe. Pali mpanda wa waya, palinso mapepala."

"Pano mpanda ndi khasu." Anakhala pansi, natambasula miyendo. "Malo osalimidwa ndi tsala, ndipo tsala lilibe mwini. Mzere akuti ndisiyewo ndi umene uli ndi chitsime. Damiyano akaona thengo pamenepa adzati amayi atopa, n'kuitana ana a Mariya. Wagwira madzi wagwira dimba lonse. Ndikamalima ndi langa, ndipo chonena ndili nacho. Ndikasiya, iwe ukabwera udzaima pati?"

"Ine ndinkayesa kuti nkhani imeneyo inatha kale. Amalume ananena."

"Damiyano ananena. Ine ndinanena?"

Zaka zonse zija ndinkayesa kuti agogo akulima chifukwa cha kuzolowera kapena kuuma mutu, ndipo ndinkatumiza ndalama kuti apume. Iwo ankandisungira malo ndi msana wawo. Koma chigwembe chinali pafupi, chikuoneka kuchokera pamene tinakhalapo, ndipo khasu lomwe linkandisungira dimba ndi limene linkalipereka kwa madzi.

Madzulo ake ndinapita kwa amayi a Rozina kukawauza. Anaomba m'manja kamodzi.

"Ndiye n'zimenezo. Ife tinkangoti nkhalamba yauma mutu."

Anakhala kanthawi akuwerenga mabanja ndi zala, osatchula chiwerengero, kungotchula maina: mayi wamasiye wa kutsidya, mkamwini wolima dimba la malemu akazi ake, awiri obwereka malo kwa abale. Onse ankaopa chimodzimodzi, koma ankabisala kumbuyo kwa agogo anga, poti nkhalamba ikakana palibe amaiitanira kubwalo.

Lachiwiri tinakhala pansi ndi mlangizi, mtsikana wa ku Kasungu woyenda pa njinga yamoto. Anamvetsera bwino, ndipo tinaganiza pamodzi. Kwathu mtengo ndi wa amene anaubzala, ndipo malo a mitengo satchedwa tsala. Choncho mzere uja usasiyidwe, koma ubzalidwe: udzu wa vetiva pamlomo penipeni, katope ndi mikuyu ya ku bungwe kumbuyo kwake, ndipo pambuyo pa zonse nthochi, kuti mwini azikhala ndi chodzatengako.

"Nthochi sizinali m'pulani," anatero mlangizi, "koma ngati khasu silibwereranso pagombe, ine ndilibe nazo mlandu."

Amayi a Rozina anawonjezapo chimodzi: aliyense abzale mwinimbumba wake akuona, kuti mawa pasadzakhale zoti sindinadziwe.

Apo ndi pamene panandilemera ine. Amalume ankadziwa tanthauzo la mtengo monga ndinkadziwira ine. Kundilola kubzala kunali kundipatsa malo, ndipo akanakana pamaso pa anthu, agogo akanapitiriza kulima mpaka mvula, ena onse n'kutsatira. Ndinapita kwawo, ndinakhala pansi pakhonde, n'kunena zonse kuyambira pachiyambi. Chibadwire ndinali ndisanalankhulepo nawo mau ambiri chotero. Anamvetsera akusema mpini. Nditamaliza anangoti, "Ndamva. Tionana ku dambo."

Loweruka anthu anasonkhana kumutu kwa dambo. Mbande zinali m'mawilibala, ana a nthochi ataunjikidwa pansi pa mtengo, koma palibe anayamba kukumba. Aliyense ankachita ngati akunola khasu, maso ali pa dimba lathu. Agogo anakhala pa ndowa yovundikira. Amalume anafika mochedwa, a Mariya ali pambuyo pawo. Anayenda gombe lonse manja ali kumbuyo, anasuzumira m'chigwembe, anasuzumira m'chitsime.

"Mitengo iyi abzala ndani?"

"Ine, amalume, mukalola."

"Ukudziwa kuti mtengo sukwera basi? Umafuna mwini wake pafupi."

"Ku Joni sindibwererako."

"Nanga ukakwatira?"

"Ndidzapempha chitengwa, mkazi abwere kuno."

"Mkazi wake uti, iwe amene moni weniweni timachita kukukoka?"

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Amalume anatembenukira kwa a Mariya.

"Mwamva, mlongo wanga. Ana anu ndiwo ndinawalonjeza."

A Mariya anayang'ana agogo. "Dimba ili ndi la malemu akulu anga, ndipo mwana wawo ndi uyu. Ana anga ali ndi lawo kumunsi, ndipo kumutu kuno kukapanda kutsekedwa, lawolo ndi limene liyambe kupita. Chimene ndipempha ine n'chakuti akasowa madzi azitunga pano."

"Chitsime sakaniza munthu," anatero agogo. Anali mau awo oyamba tsikulo.

Amalume anatenga khasu kwa munthu wina, anakumba dzenje okha, anasankha mwana wa nthochi pa mulu uja. Sanamuike m'dzenjemo. Anandipatsa ine.

"Bzala ndiwe, anthu aone." Nditakwirira anakweza mau. "Mwaona nonse? Mawa wina asadzandisowetse mtendere."

Pofika masana makasu anali kulira magombe onse awiri, banja lililonse ndi akuluakulu ake. Ena anakangana kuposa ife. Banja limodzi silinagwirizane, ndipo chigawo chawo n'chosabzala mpaka lero. Madzi amadyapo chaka chilichonse ndipo timangochiyang'ana. Koma kumutu tinatseka mvula isanagwe. Pamenepo ndi pamene zaka zanga za ku mapiri zinagwira ntchito, poti ndinkadziwa kuti dengu loyamba amalikwirira pansi pa mtsinje kuti madzi asalowe kunsi kwake, ndipo anyamata a ku esiteti anandikumbira mmene ndinawauzira, akunditcha kapitawo wa nsomba. Mvula yoyamba inagwa yamphamvu. Dengu limodzi la kumunsi linagubuduka, tinakalikonza. Kumutu kunagwira.

Sindinganene kuti Kachule wabwerera mwakale. Akuluakulu amati kale munkasambidwa ngakhale mu Okutobala, ndipo ife sitinafikepo pamenepo. Koma chigwembe chinaleka kukwera, m'kati mwake mwamera bango, ndipo dambo limakhala lobiriwira mpaka mochedwa m'chilimwe. Anthu a ku Msakambewa anabwera kudzaona mmene tinachitira. Ankafunsa za waya ndi miyala, koma amayi a Rozina anawauza kuti asanagule waya ayambe adziwa kaye amene akuopa kulandidwa gombe.

Ndalama za m'dimba sizifika pa zimene ndinkalandira ku famu, ndipo mwezi umene tomato watsika mtengo ndimaganiza za ku Joni. Bwana uja anatumiza uthenga kuti ntchito yanga ikadalipo. Ndinauyang'ana tsiku lonse ndisanayankhe kuti zikomo, koma ayi. Agogo khasu anasiya. Amabwera ku dimba ndi ndodo, n'kukhala pamthunzi, n'kumandiuza kuti mabedi anga ndi okhota.

Sabata yatha ndinali pansi m'chigwembe kumanga waya wa dengu limene linamasuka. Pamwamba panaima munthu wa njinga, wopikula tomato, akufunsa njira ya ku madimba a kumunsi. Amene anamuyankha ndi amalume, osadziwa kuti ndili pansi pawo.

"Mutsate kanjiraka," anatero. "Mukafika pa nthochi za Sitefano mukhotere kumanzere."

Wa njingayo sanafunse kuti Sitefano ndani. Anangopalasa. Ine ndinamaliza kupota waya uja, ndinatuluka m'chigwembe, n'kupita kukathirira.